Zolembedwa Kumbuyo kwa Rupiya ya Jeremani

Ana anga, mwakhala mukundifunsa za chitini cha mabisiketi chimene chimakhala pamwamba pa kabati, ndipo ena mwa inu mumaganiza kuti muli chuma. Mulibe. Muli mapepala a ndalama zimene zinafa kalekale, zosagula ngakhale mchere wodzaza chikhatho. Popeza tsopano ndapuma ntchito ndipo maso akadaona, ndalemba mutu uno kuti mudziwe mmene ndinayambira kutola mapepalawo, ndiponso chifukwa chake ntchito yanga ya kasitomu inaima pamene inaima. Za ubwana wanga ndazidumpha. Ndinabadwa, ndinadwala nthomba, ndinachira, ndinapita kusukulu ya mishoni.

1907 mpaka 1911: Ku Blantyre

Ntchito yanga yoyamba inali yotola zilembo m'nyumba yosindikizira nyuzipepala ku Blantyre. Ndinakwera phiri wapansi kuchokera kwathu ku Chikwawa, chifukwa njanji inali isanafike kumtunda, ndipo ndinafika ndi malaya amodzi ndi kalata ya aphunzitsi. Amene simunaione ntchitoyi mudziwe kuti chilembo chilichonse chinali kachitsulo ka mtovu pakokha. Tinkatola chimodzichimodzi m'bokosi la timagawo tambirimbiri, n'kumazindandalika chozondoka ndiponso chobwerera m'mbuyo. Munthu akazolowera amawerenga chozondoka mofulumira kuposa mmene mphunzitsi amawerengera choongoka. Luso limeneli linandithandiza m'tsogolo, chifukwa ndinkatha kuwerenga kalata ili patebulo la bwana, ine nditaima kutsogolo kwake ngati wosadziwa kanthu.

Kapitawo wathu anali a Filipo, munthu wamfupi wa zala zakuda ndi inki mpaka m'zikhadabo. Sankasamala za nkhani zimene tinkasindikiza. Ankati nkhani ndi za azungu, ife zathu ndi zilembo. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti pepala lililonse losindikizidwa limaulula amene analisindikiza. Tsiku lina anandipatsa nyuzipepala yochokera kunja, nandiuza kuti ndipezemo chilembo chothyoka mwendo. Ndinafufuza mpaka masana osachipeza. Atandibwereka galasi lawo lokulitsa zinthu ndinachiona pompo, ndipo chinkabwerabwera m'mizere ina ngati munthu wotsimphina amene amadutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Anandiphunzitsanso kunyowetsa mapepala. Tikamaweruka tinkawawaza madzi pang'ono, n'kupanikiza mulu wonse pakati pa matabwa awiri, mwala pamwamba, kuti m'mawa akhale osalala ndi omwa inki bwino.

Ndinakhalako zaka zinayi. Chimene chinandichotsa ndi chifuwa. Fumbi la mtovu ndi chisanu cha mwezi wa June sizinagwirizane ndi munthu wa kuchigwa, ndipo dokotala anati ndibwerere kotentha ndisanayambe kulavula magazi. Nditamva kuti ku kasitomu ya ku Port Herald akufuna kalaliki wodziwa Chingerezi, Chimang'anja ndi Chisena, ndinalemba kalata, ndipo ananditenga. Tsiku lotsanzika a Filipo anandipatsa galasi lija. "Kumene ukupitako kulibe zilembo," anatero. "Uzikaonera udzudzu. Ngakhale akuti wa kumeneko sufuna galasi."

1911 mpaka 1917: Port Herald

Port Herald, kumene eni ake amangoti ku Nsanje, ndiye linali khomo la dziko lonse. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera m'Zambezi ndi m'Shire, n'kukwezedwa pa njanji. Ife a kasitomu tinkakhala m'shedi ya malata pafupi ndi doko, momwe masana a mwezi wa October kandulo ankapindika yekha patebulo. Ntchito yanga inali kutsegula mabokosi ndi mitolo, kufunsa mwini wake m'chinenero chimene amamva, ndi kumasulirira bwana. Bwana woyamba sindinamudziwe bwino, chifukwa malungo ankamugoneka masiku ambiri kuposa amene ankaimirira. Wachiwiri ndiye tinakhala naye zaka zambiri. Anthu anamutcha Bwana Chipewa, popeza sankavula chipewa ngakhale mu ofesi. Anali munthu wosakalipa, wosamwa, wolankhula Chimang'anja cha m'buku, ndipo lamulo akaliwerenga kamodzi linkakhala m'mutu mwake ngati msomali m'thabwa.

Padoko pankadutsa ndalama za mitundumitundu: masheleni a Angerezi, marupiya amene Amwenye ankayenda nawo, ndi za Apwitikizi zochokera kutsidya. Anthu a m'midzi ankafuna zachitsulo zokha. Mayi wogulitsa nsomba ankaigwetsa pamwala kuti amve kulira kwake, ndipo ukamupatsa yapepala ankakubwezera msanga, nati tsamba limadyedwa ndi chiswe. Sankalakwa. Pepala loyamba la m'chitinimo ndinalipeza kwa khukhi wa sitima ina ya ku Chinde, amene ndinamupeza akufuna kupichiramo fodya. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Anaseka, nati Apwitikizi anasintha ndalama zawo, iyi inatha ntchito, ndipo ngakhale fodya imamuwawitsa. Ndinamupatsa tsamba la nyuzipepala yakale, lomwe kwa wosuta ndi labwino koposa, iye nandipatsa ndalamayo. Tinasiyana aliyense akuganiza kuti wapusitsa mnzake.

Kunyumba ndinaiika pansi pa galasi la a Filipo, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka chakudya chinazizira. Zimene ndinaona sinali ntchito ya zilembo za mtovu. Nkhope ya munthu imene inali pamenepo inali yopangidwa ndi timizere tokhatokha, tina topyapyala kuposa tsitsi la khanda, topingasana popanda kamodzi kosokera. Ukaloza pepalalo kudzuwa, m'kati mwake munkaoneka chithunzi china pamalo popanda inki. Ndinafunsa aliyense amene ndinkaganiza kuti angadziwe, mpaka injiniya wa sitima anandiuza kuti amayamba azokota pa chitsulo ndi dzanja, ndipo nkhope imodzi imatha miyezi. Kuyambira pamenepo ndinkafunsa apaulendo ngati ali ndi ndalama yakufa. Ndinapeza chitini, n'kuyalamo masamba a fodya ouma kuti njenjete zisalowe. Ndinagulanso kabuku kolembamo kumene pepala lililonse lachokera, mtundu wa inki, ndi chilema chake. Mayi anu, a Malita, ankati m'Nsanje monse ndi iwo okha amene anakwatiwa ndi mwamuna wa chitini chodzaza ndalama, denga likudontha.

Nkhondo ya Jeremani itayamba, zinthu zinasowa chimodzichimodzi. Mafomu tinkalemba kuwiri, maenvulopu tinkawatembenuza. Inki itatha, Bwana Chipewa anatilangiza kupala pensulo ya kopi m'kabotolo ka madzi. Pensulo imeneyi ikalemba pouma imaoneka yotuwa ngati ina iliyonse, koma ikakhudza madzi imasanduka yofiirira ngati duwa la mbatata, ndipo siifufutika. Chaka chathunthu makalata onse otuluka mu ofesi yathu anali a mtundu umenewo. Amuna a m'midzi nawonso anasowa. Ankatengedwa kukasenza katundu wa asikali, ntchito imene tinkaitcha mtengatenga, ndipo ndinkawaona akudutsa pa siteshoni m'magulumagulu, aliyense ndi bulangete lake paphewa.

1918 mpaka 1919: Diramu ya kuseri kwa shedi

Chakumapeto kwa 1918 amene anatsala ndi moyo anayamba kubwerera, chimfine chachikulu chija chili pakati pathu. Ankatsika sitima ali owonda, ena osatha kunyamula ngakhale bulangete lija. Ife tinkasecha mitolo kufuna zipolopolo, koma chimene tinkapeza kwambiri chinali marupiya apepala a Majeremani, amene anthu ankatola m'misasa yosiyidwa. Sankagulanso kanthu kulikonse, komabe achinyengo ena anayamba kupusitsa nawo anthu a m'midzi yakutali ndi boma. Choncho bwana anatiwerengera lamulo lakuti pepala lililonse la mdani lilandidwe ndi kutenthedwa. Kuseri kwa shedi kunali diramu, ndipo Lachisanu lililonse masana ine ndinkatentha zimene zasonkhana sabata imeneyo. Mesenjala wina wachikulire anapezeka atabisa angapo m'chisoti chake, akuti ankafuna kukaonetsa akazi ake. Bwana Chipewa anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, mosakalipa, atamuwerengera lamulo lija kawiri.

Ine ndinaona zimenezi ndi maso anga, koma ndinabisabe. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungofotokoza. Mapepalawo anali osiyana ndi ena onse amene ndinawaonapo. Oyambirira, a 1915 ndi 1916, anasindikizidwa ndi zilembo wamba za mtovu, ndipo nditangowayang'ana ndinadziwa kuti inali ntchito ya nyumba ya nyuzipepala ngati yathu ija: mizere ya m'mbali yosakumana bwino pangodya, inki yochuluka mbali imodzi. Kwinakwake kumpotoko kunali mnzanga wotola zilembo amene tsiku lina anauzidwa kuti lero sitisindikiza nkhani, tisindikiza ndalama. Ndinkalakalaka nditamuona, ndimufunse chimene anaganiza. A 1917 ndiye anali omvetsa chisoni. Makina anali atawasiya m'mbuyo pothawa, ndiye ankangodinda ndi zidindo zamphira m'tchire, pa pepala lililonse limene lapezeka: la mizere ya m'kaundula, lokulungira katundu, lina lamafutamafuta. Chiwombankhanga, chizindikiro cha boma lawo, chinkatuluka chopendekera ngati nkhuku yovumbwa. Pansi pankasaina anthu awiri ndi dzanja. Ukawandandalika motsatana unkaona boma lathunthu likutha pang'onopang'ono, kuyambira pa pepala labwino mpaka pa chikulungo. Pa mtundu uliwonse ndinkapatula limodzi n'kulilowetsa m'sokosi. Ena onse ndinkawatentha mokhulupirika.

Limodzi mwa amenewa linali la rupiya imodzi, la 1917, lodindidwa pa pepala lotuwa lochindikala limene sindinalionenso kachiwiri. Linatuluka m'mtolo wa msikali wina wopita ku Zomba. Ndikukumbukira kuti anakangana nane pang'ono m'Chiyao, akuloza pepalalo ndi chala. Koma Chiyao sindimva, sitima inali ikuliza, ndipo mzere unali wautali. Linali lokwinyika ngati lakhala m'chibakera mwezi wathunthu. Kumbuyo kwake, pamwamba pa mawu odindidwa, panali timizere ta pensulo, totuwa pa pepala lotuwa, tosawerengeka. M'kabuku kanga ndinalemba kuti: "Pepala lotuwa, losowa. Chilema: wina analembalemba kumbuyo." Ndinayesa kufufuta ndi kachidutswa ka buledi, osatheka, ndiye ndinaliika pansi pa ena n'kutseka chitini.

1922: Chaka cha nyika

Chaka chimenecho mvula inakana. Mapira anauma asanabereke, Shire anaphwa mpaka sitima zinaleka kufika padoko, ndipo anthu ankapita ku dambo la Ndindi kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene timadyedwa pa njala. Amene anali ndi dimba m'mbali mwa dambo ndiwo ankakolola kanthu. Ku ofesi ntchito inachepa, ndipo Loweruka lina masana ndinaganiza zowongola mapepala anga okwinyika monga anandiphunzitsira a Filipo. Ndinakhala pakhonde ndi mbale ya madzi, kansalu ndi matabwa awiri. Nditadutsitsa kansalu konyowa kumbuyo kwa rupiya yotuwa ija, timizere tija tinasanduka tofiirira ine ndikuona. Inali pensulo ya kopi. Ine amene ndinalembera pensulo yomweyo chaka chathunthu sindinaganizeko n'kamodzi komwe.

Mawu ake anali a m'chinenero chathu, olembedwa mothithikana: "Zuze Thole wa kwa Malemia wafa ndi kamwazi pa mtsinje wa Lurio. Tamuika ife. Auzeni akazi ake a Chanazi." Pansi panali dzina losawerengeka, ndi mawu akuti wothandiza dokotala. Zikuoneka kuti munthuyo analibe pepala lina lililonse lolembapo, ndipo anapatsira msikali uja podziwa kuti sitima yake idzaima ku Port Herald. Ndinawerenga mokweza, monga ndimachitira ndikapeza chachilendo, ndikukondwa kuti ndapeza choti ndiwonjezere m'kabuku. Mayi anu ankapeta mchewere chapafupi. Lichero linaima. Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Bambo a Yohane," anatero, "a Chanazi ndi aja amatigulitsa mlamba pa siteshoni."

Kenako anandifotokozera zimene mayi aliyense wa pa siteshoni ankazidziwa, kupatula ine amene ndinkati ndimaona zinthu. Zuze anatengedwa ku mtengatenga mu 1917, kusiya mkazi ndi mwana wamkazi woyamwa. Anzake anabwerera, iye ayi, ndipo ku boma ankangoti dzina lake silikupezeka pa amoyo kapena pa akufa. Kwawo kwa Zuze anali Asena ndipo anapereka malowolo, choncho a Chanazi ankakhala pakhomo pa apongozi awo. Mkuluyo, a Thole, anakana kulira maliro. Ankati sangalire munthu amene angatulukire mawa, pokhapokha patabwera mawu kapena chinthu chochokera kumene mwana wawo wagona. Ndiye a Chanazi sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye. Sakanameta, sakanabwerera kwa makolo awo, sakanakwatiwa. Msodzi wina dzina lake Bitoni, amene mkazi wake anapita ndi chimfine chija, anali atawafunsira kawiri. Anali ndi bwato ndi dimba lonyowa. Koma onse awiri anali opemphera, ndipo abambo a ku mishoni anati sangadalitse ukwati popanda umboni wa imfa. Tsono pakhomo pa a Thole ankadya nyika yokhayokha, ndipo mayi anu anali ataona okha kuti miyendo ya kamtsikana kaja yayamba kutupa.

Apa ndiye panali povuta. Kukapereka pepalalo mobisa sikukanatheka, chifukwa abambo a ku mishoni akanafunsa ku boma, ndipo boma likanafunsa kumene rupiya ya mdani yachokera, zaka zitatu chitenthereni zinzake. Mwezi womwewo kalaliki wamkulu anali pafupi kupuma, ndipo ndinali nditawerenga chozondoka patebulo la bwana kalata yondiyamikira kuti ndilowe m'malo mwake. Ndinkakumbukiranso nkhope ya mesenjala uja akuvula yunifolomu. Ndinaganiza zokopera mawuwo pa pepala lina n'kunena kuti yabwera kalata pa positi. Mayi anu anati mkuluyo akufuna chinthu chochokera kumene mwana wake wagona, osati zolemba zanga, komanso dzanja langa aliyense ku mishoni amalidziwa. Ndinati ndiganize kaye. Ndinaganiza Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Lachitatu ndinadutsa pa siteshoni dala. A Chanazi anali pamalo pawo pansi pa mtengo wa mtondo, nsomba zochepa zili pa thumba. Anandilonjera mwaulemu monga mwa masiku onse, nandifunsa za mayi a kunyumba. Ndinagula mlamba umodzi, koma utaphikidwa sindinaudye.

Loweruka litakwananso mayi anu anandipeza ndikuyang'ana pepala lija ndi galasi, ngati kuti mawu angasinthe. Sanakweze mawu.

"Zaka zitatu zija mulibe nazo mlandu, simunkadziwa. Sabata ino ndiye yanu."

Lolemba m'mawa ndinanyamula chitini chonse kupita nacho ku ofesi, n'kuchiika patebulo la Bwana Chipewa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira sokosi mpaka kansalu konyowa. Anamvetsera osandidula. Kenako anapempha galasi langa, nawerenga mawuwo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anandifunsa ngati ndinalipo tsiku limene anachotsa mesenjala uja, ndipo ndinati ndinalipo. Anati nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Pepala lotuwalo silinalinso ndalama koma kalata, ndipo kalata imayenera kufika kwa mwini wake. Iye alemba yekha umboni wopita ku mishoni. Koma ena onse a Jeremani lamulo linati atenthedwe, ndipo palibe amene analifafaniza. Za ukalaliki waukulu ndiiwale. Sadzandichotsa ntchito, chifukwa alibe wina wa zinenero zitatu, koma ndipita ku Marka, kumalire, komwe aliyense ankakukana. Ndinafunsa ngati mesenjala uja angabwezedwe ntchito, popeza mlandu wathu unali umodzi. Anati zimenezo zinatsekedwa kale. Mpaka lero zimandiwawa kuti amene anabisa kuti akaonetse akazi ake anataya zonse, ine wophunzira n'kupulumuka chifukwa cha Chisena.

Masana omwewo tinapita ku diramu awiriwiri. Chimene chinachitika kumeneko sindinachiyembekezere. Bwana anatenga pepala loyamba, naliyang'ana ndi galasi, nandifunsa mmene ndikudziwira kuti linasindikizidwa m'nyumba ya nyuzipepala. Ndinamuonetsa pangodya posakumana. Anatenga lachiwiri, nafunsa mmene ndikusiyanitsira chidindo champhira ndi chilembo chamtovu. Ndinamuonetsa kuti mtovu umaboola pang'ono pepala, ukasisita kumbuyo umamva, pamene mphira imangosiya inki yofalikira m'mbali. Anasisita, nagwedeza mutu, nati zoona. Linali phunziro labwino koposa limene ndinaphunzitsapo munthu pa moyo wanga. Kungoti ndikamaliza kufotokoza lililonse, wophunzira wanga ankandibwezera mwaulemu, ine n'kuliponya pamoto.

Kwa a Thole tinapita Lachitatu m'mawa, ine ndi mayi anu. Mkuluyo anali woonda kwambiri, atakhala pa mphasa yong'ambika pansi pa nkhokwe yopanda kanthu. Ndinawerenga mawuwo monga analembedwera, kenako ndinawamasulira m'Chisena. Anandiuza kuti ndiwerengenso. Anafunsa kuti Lurio ali kuti, ndipo ndinati kum'mawa chakumpoto, m'dziko la Apwitikizi, ulendo wa masabata ambiri. Anafunsa ngati ndi mtsinje wa madzi chaka chonse, ndipo ndinati ndamva choncho. Anafunsanso ngati palembedwadi kuti anamuika, osati kungomusiya. Ndinawaonetsa mawuwo ndi chala, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Analandira pepalalo ndi manja awiri, nalitembenuza, nalinunkhiza. Linkanunkha fodya wa m'chitini mwanga.

"Takhuta, mwananga," anatero, kuthokoza m'Chisena. Kenako anatembenukira kwa amayi amene anakhala chapatali. "Lirani."

Analira maliro a munthu amene anafa zaka zinayi zapitazo ngati wafa m'mawa womwewo. Tsiku lotsatira anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'mphasa, monga amachitira munthu akafera kutali. Rupiya ija anaimanga m'kansalu n'kuiika m'kati. Ndinaima pamanda ndikuona pepala losowa kuposa onse amene ndinagwirapo likukwiriridwa, ndipo ndikuvomereza kuti mbali ina ya mtima wanga inkadandaula kuti sindinajambule chiwombankhanga chake m'kabuku.

Pochoka kumanda a Chanazi anandiyandikira. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, maso ali ouma.

"A kalaliki, tsambali lafika liti kuno?"

Ndikanatha kunena kuti sabata yatha, ndipo palibe akananditsutsa. Mayi anu anali pambali panga, osandiyang'ana.

"Lakhala m'nyumba mwanga zaka zitatu, mayi. Sindinaliwerenge."

"Inu, ophunzira?"

"Ndinkayang'ana kutsogolo kwake."

Anayang'ana nsapato zanga. "Zaka zitatu mukudya nsomba zanga," anatero, "amuna anga ali m'chitini mwanu." Anaimirira n'kubwerera kwa amayi anzawo.

1923 mpaka 1929: Marka

A Chanazi anameta, anamasulidwa, ndipo anakwatiwa ndi Bitoni ku mishoni mvula isanagwe. Kamtsikana kaja kanachira ndi mbatata za ku dimba. Ndi amene inu mumawadziwa ngati mayi a Firipina, ogulitsa mphasa pa msika. Ine ndinapita ku Marka, ku kanyumba ka zipinda ziwiri pamalire, komwe a Filipo akanaona kuti za udzudzu sananame. Ukalaliki waukulu unapita kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kudzaza fomu, ndipo sunandibwererenso mpaka ndinapuma. M'chitini munatsala mapepala a Apwitikizi okha ndi ochepa a kwina. Kwa chaka chathunthu sindinachitsegule.

Pamalirepo pankadutsa amayi ambiri opita ndi nsomba zowamba ku Mutarara, m'dziko la Apwitikizi. Tsiku lina m'chaka cha 1924 ndinakweza mutu n'kuona a Chanazi ataima pakhomo, dengu lili pamutu, khanda kumbuyo. Chiyambire kumanda kuja tinali tisanalankhulane. Ndinasecha dengulo monga mwa lamulo, ndipo iwo anayankha mafunso anga monga mwa lamulo. Nditawauza kuti angathe kupita, anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, natulutsa kapepala kopindapinda. Inali ndalama yakufa ya kutsidya, ya mtundu umene ndinalibe. Anati mwini sitolo wina ku Mutarara ankafuna kuitaya. Anaiwongola ndi chikhatho, naiika patebulo panga chafufumimba, nkhope yake pansi.

"Ndamva kuti mukutolabe zakufa," anatero. "Iyi muyambire kumbuyo."

Ndinanyowetsa chala, n'kudutsitsa pamenepo iwo akuona. Panalibe cholembedwa. Anagwedeza mutu, nasenza dengu lawo. Kuyambira pamenepo, pa zaka zonse zimene ndinakhala ku Marka, akapeza ina ankabwera nayo, ndipo nthawi zonse ankaiika patebulo mwa njira yomweyo, n'kudikira mpaka nditanyowetsa chala.

Tsono mukadzatsegula chitinicho ine kulibe, mudzapeza mapepala ena atagona chagada, ena chafufumimba. A chafufumimbawo ndi ochokera kwa a Chanazi. Musawatembenuze poganiza kuti nkhalamba inasokoneza. Muwasiye momwemo.